Funsani Akadaulo: Nsomba za M'mitsinje ya Kumadera Otentha

Makalata amene tasankha mwezi uno akufunsa za nsomba za m'mitsinje ya kumadera otentha. Mafunso tawafupikitsa. Oyankha ndi akadaulo a zamoyo za m'madzi amene amathandiza tsamba lino.

FUNSO: Chaka ndi chaka mvula yoyamba ikagwa, pa dziwe lina la mtsinje timapeza nsomba zitayandama, zina zitafa, zina zikungoyasamula pamwamba pa madzi. Milamba yokha ndiyo imaoneka kuti ili bwinobwino. Anthu amati pali wina amathira mankhwala. Kodi n'zoona?
Msodzi wa mbedza

YANKHO: Bambo, mankhwala angakhalepo, koma mmene mwafotokozeramu ife tikuloza chala kuchepa kwa mpweya wa okosijeni m'madzi. Umboni mwaupereka nokha: milamba sikufa.

Madzi amasunga okosijeni wochepa zedi. Lita imodzi ya madzi ofunda madigiri 20 imasunga mamiligalamu 9 basi, ndipo pa madigiri 30 amatsika kufika pa 7.5. Mu lita imodzi ya mpweya umene timapuma ife muli okosijeni wochuluka pafupifupi maulendo 30 kuposa pamenepo. Kutentha komweko kumachititsanso thupi la nsomba kufuna mpweya wambiri: madzi akatentherako ndi madigiri 10, nsomba imafuna okosijeni wowirikiza pafupifupi kawiri. Choncho pofika kumapeto kwa chilimwe dziwe lanu limakhala lili kale pampanipani. Madzi aphwa, afunda, sakuyenda, nsomba zathithikana. Pansi penipeni mpweya umakhala utatheratu, chifukwa madzi ofunda apamwamba sasakanikirana ndi ozizirirako apansi.

Ndiye kubwere mvula. Imakokolola masamba ouma, ndowe, phulusa la lupsa ndi zinyalala za chilimwe chonse n'kuzikhuthulira m'dziwemo. Mabakiteriya owoletsa zinthuzi amachulukana m'maola ochepa, ndipo nawonso amapuma okosijeni yemweyo. Madzi ozizira a mvula amamira n'kuvundula dziwe, madzi onunkha apansi aja n'kukwera. Okosijeni akatsika kufika pa mamiligalamu 2 pa lita, nsomba zambiri zimathamangira pamwamba kukayasamula, chifukwa kachigawo kopyapyala ka madzi okhudzana ndi mpweya ndi komwe katsala ndi kanthu. Akapitirira kutsika osafika 1 kwa maola angapo, zimafa.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Imfa ya kusowa mpweya imachitika mbandakucha, chifukwa ndere ndi zomera zimatulutsa okosijeni masana okha, usiku zimamugwiritsa ntchito. Nsomba zikuluzikulu ndizo zimayamba kufa, zili kukamwa yasa, zivindikiro za m'mbali mwa mutu zitatambasuka. Poizoni sasankha nthawi. Amayamba ndi tinsomba tating'ono, nsomba zimasambira mozungulirazungulira ngati zazunguzika mutu, ndipo mankhwala a mbewu amapha ndi nkhanu zomwe pamodzi ndi tizilombo ta m'madzi. Chachitatu ndi matenda. Mukaona zilonda zofiira zolowa mpaka m'nyama, nsomba zikufa pang'onopang'ono kwa masabata, makamaka nyengo yozizira madzi osefukira atangophwa, ganizirani matenda a EUS, oyambitsidwa ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Aphanomyces invadans. Mu Africa anaonekera koyamba mu 2006 ku mitsinje ya Chobe ndi Zambezi.

Zikachitikanso, tungani madzi m'botolo lagalasi loyera, lidzaze mpaka pakamwa, litsekeni ndipo likhale pozizira. Tolani nsomba zimene zikufa kumene, osati zowola, muziike m'madzi oundana ndi kupita nazo kwa alangizi a za nsomba tsiku lomwelo. Okosijeni yekha sayezedwa m'botolo loyenda nalo: ayenera kuyezedwa padziwe pomwepo, dzuwa lisanatuluke. Ngati mukukayikira poizoni, nsombazo musadye.

FUNSO: Aphunzitsi anatiuza kuti nsomba ikatuluka m'madzi imafa chifukwa siingapume. Nanga mlamba umatha bwanji tsiku lonse uli kumtunda? Ndinamvanso kuti dowe amakumbidwa m'dothi louma ali wamoyo.
Wophunzira wa sekondale

YANKHO: Aphunzitsi anu sananame. Nsomba imapumira makha, ziwalo zofiira zija zili m'mbali mwa mutu, zinayi mbali iliyonse. Pa chilichonse pali timinofu tambirimbiri topyapyala, ndipo magazi amayenda m'timinofuti molowera kumene madzi akuchokera. Kuyenda mosemphana kumeneku ndi kumene kumathandiza nsomba kukoka mpaka magawo 80 pa 100 a okosijeni wa m'madzi odutsapo. Ikatuluka m'madzi, timinofu tija timamatirirana ngati nthenga yonyowa. Mpweya ulipo wambiri, koma polowera patsekeka.

Mlamba uli ndi chiwalo china chowonjezera. Mukautsegula pamwamba pa makha mudzapeza kamphako, m'kati mwake muli tinthu tofiira tanthambinthambi ngati kamtengo, tomera pa makha achiwiri ndi achinayi. Tinthuti n'tolimba, sitimatirirana, ndipo timakoka okosijeni kuchokera mu mpweya umene mlamba umameza. Khungu likakhala lonyowa, umakhala moyo maola ambiri, ndipo usiku wachinyezi umakwawa kuchoka pa chithaphwi china kupita pa china pojintcha minga ya zipsepse za pachifuwa. Tiana ta mlamba timabadwa topanda chiwalochi. Chimakula m'masabata oyambirira, n'chifukwa chake tiana timafa m'madzi opanda mpweya momwe makolo awo akukhala osadandaula.

Dowe ndi nkhani ina. Ali ndi mapapo enieni awiri, moti akakodwa mu ukonde pansi pa madzi osatha kukwera kukapuma, amafa momira ngati munthu. Dambo likamauma amaboola matope, amadzipinda mchira kuphimba mutu, ndipo thupi limatulutsa zoterera zimene zikauma zimasanduka chikwa, chongotsala ndi kabowo kolunjika kukamwa. Mtima umagunda mwapatalipatali, thupi limadya minofu yake yomwe, ndipo zoipa za m'thupi, zomwe m'madzi akanazitaya ngati amoniya, amazisandutsa yureya amene angasungike osamupha. Kuthengo amatha miyezi ingapo chomwecho. M'malo ofufuzira ena apitirira zaka zitatu.

Palinso tinsomba totchedwa Nothobranchius, ta m'zithaphwi zouma chaka ndi chaka. Ito sitilimbana ndi chilimwe: timafa tonse, koma mazira amatsala m'matope ouma kudikira mvula. Mtundu wina wa ku Mozambique ndi Zimbabwe, Nothobranchius furzeri, umatha kuyamba kuswana patangopita masabata awiri chiswereni.

FUNSO: Madzi osefukira amatiwonongera mbewu. Kodi nsomba nazo sizikokoloka? Nanga bwanji asodzi amati chaka cha madzi ambiri chimabweretsa nsomba?
Mayi wolima m'dambo

YANKHO: Mayi, asodziwo akunena zoona, ndipo funso lanuli lakhudza pamene pagona moyo wonse wa nsomba za m'mitsinje yotentha. Kumayiko ozizira nsomba zimayendera kutentha ndi kuzizira kwa chaka. Kumadera otentha madzi sasintha kwambiri kafundidwe, choncho kalendala ya nsomba ndi kukwera ndi kutsika kwa mtsinje. Katswiri wa sayansi Wolfgang Junk ndi anzake awiri, Peter Bayley ndi Richard Sparks, anafotokoza mfundoyi mu 1989: chakudya chambiri cha nsomba za mu mtsinje waukulu sichichokera mu mtsinjemo, chimachokera m'madambo amene mtsinjewo umamiza. Mtsinje ndi msewu ndi pobisala chilimwe. Munda wake ndi dambo.

Zimayenda motere. Mvula isanayambe, nsomba zazikazi zimakhala zitakhwimitsa kale mazira, zikungodikira chizindikiro. Chizindikirocho ndi madzi kuyamba kukwera, kuzizirirako pang'ono, ndi kusakanikirana ndi madzi a mvula. Milamba imalowa m'udzu womira kumene usiku, m'madzi osafika m'mawondo, n'kumwaza mazira. Waukazi umodzi umaikira mazira masauzande makumimakumi. Mazirawo amamatirira ku udzu, amaswa patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo makolo sabwereranso kudzawaona. Kwa masiku atatu tiana timadya kathumba ka chakudya komwe timabadwa nako pamimba. Kathumbako kakatha, chakudya chiyenera kukhala chili pakamwa, apo ayi timafa.

Ndipo chimakhaladi chilipo, chifukwa madzi akamiza ndowe, phulusa ndi udzu wowola, chonde chimasungunukira m'madzi osaya, ofunda, owala dzuwa. Ndere zimamera, tizilombo tosaoneka bwino ndi maso timaswana m'masiku ochepa, kenako mphutsi za tizilombo touluka. Udzu womwewo umabisa tiana kwa nsomba zolusa. Gawo lalikulu la kukula kwa nsomba pa chaka limachitika m'miyezi imeneyi. Ku Amazon, kumene madzi amakwera pafupifupi mamita 10 cha ku mzinda wa Manaus ku Brazil, nsomba yotchedwa tambaqui imalowa m'nkhalango yomira kukadya zipatso ndi njere zogwa m'mitengo, n'kusunga mafuta odzadya madzi akaphwa. Ku Cambodia mtsinje wa Tonle Sap umabwerera chammbuyo mtsinje waukulu wa Mekong ukadzaza, ndipo nyanja yake imakula kuchoka pa masikweya kilomita pafupifupi 3,000 kufika cha m'ma 15,000.

Madzi akayamba kutsika nsomba zimabwerera kudzera m'timifuleni, ndipo apa m'pamene zolusa, mbalame, ng'ona ndi asodzi zimadyerera. Zochedwa zimatsekeredwa m'zithaphwi. Zofika mu mtsinje zimatha chilimwe zikudya pang'ono, zina osadya n'komwe.

Si kusefukira kulikonse kumene kumathandiza. Pamafunika zinthu zitatu: madzi abwere pa nyengo yake pamene mazira akhwima, akhalitse m'dambo masabata kapena miyezi, ndipo atsike pang'onopang'ono. Madzi okwera lero n'kuphwa mkuja, monga zimachitikira kumene mitengo ya kumtunda inatha, amasiya mazira ali pa udzu wouma. Amenewa ndiwo amakokololadi nsomba, n'kukwirira zina m'matope. Madzi otulutsidwa m'damu pakati pa chilimwe nawonso sapindula, chifukwa amapeza nsomba zilibe mazira. Chigwa cha Kafue ku Zambia chinasintha damu la Itezhi-Tezhi litamangidwa m'ma 1970: malo ena anayamba kumira chaka chonse, ena anasiya kumira. Kumathiriro a Zambezi nako madzi osefukira anachepa damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974.

Phindu la chaka cha madzi ambiri silioneka chaka chomwecho. Nthawi imeneyo nsomba zimabalalika m'dambo lonse, zovuta kugwira. Limaoneka chaka chotsatira ndi chinzake, chifukwa nsomba zambiri zogwidwa m'mitsinje yotere zimakhala za chaka chimodzi kapena ziwiri.

FUNSO: Tikufuna kumanga khoma la mita imodzi ndi theka pa kamtsinje kuti tipatutse madzi othirira. Ena akuti tiwononga nsomba. Khoma lalifupi chonchi lingatseke nsomba? Ngati ndi choncho tichite chiyani?
Wa komiti ya ulimi wothirira

YANKHO: Lingatseke ndithu. Nsomba zambiri za kumadera otentha sizidumpha patali, ndipo zina zimakwera mtsinje zili zazifupi kuposa chala. Kwa matemba, khoma la theka la mita ndi phiri.

Chimene chimakweretsa nsomba ndi malo oikira mazira. Mpasa amachoka m'nyanja ya Malawi kukwera mitsinje ngati Bua ndi North Rukuru kufuna nsangalabwi zoyera za m'madzi othamanga. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, momwe madzi odutsa amawapatsa mpweya. Matope akadzaza mipatayo mazira amabanika, ndipo khoma limasonkhanitsa matope kumtunda kwake. Mkunga umachita zosemphana: umaswana m'nyanja ya mchere ya Indian, tiana n'kumakwera mitsinje kukakulira kumeneko. Ulendo wautali kuposa yonse yodziwika m'madzi opanda mchere ndi wa nsomba ya ndevu ya ku Amazon, Brachyplatystoma rousseauxii, imene imaswana kufupi ndi mapiri a Andes n'kukakulira kumathiriro, ulendo wopita ndi kubwera wokwana makilomita pafupifupi 11,600. Kuti chotchinga chimalekanitsadi nsomba, onani mtsinje wa Shire: kumunsi kwa mathithi a Kapichira kuli nsomba za mtundu wa ku Zambezi, kuphatikizapo nsomba yolusa ya mano akuthwa yotchedwa tigerfish, imene m'nyanja ya Malawi mulibe.

Mankhwala ake ndi kumanga njira ya nsomba m'mbali mwa khomalo: ngalande ya timadziwe totsatizana ngati makwerero. Kutsetsereka kwake kukhale mita imodzi pa mamita 15 mpaka 20 alionse, ndiye kuti khoma lanulo lifunika ngalande ya mamita 22.5 mpaka 30. Kusiyana kwa madzi pakati pa kadziwe ndi kanzake kusapitirire masentimita 10. Chifukwa chake ndi liwiro: madzi otsika masentimita 10 amathamanga mamita 1.4 pa sekondi, otsika masentimita 20 amafika mamita 2, zomwe tinsomba tating'ono sitingathe. Mpata wodutsira madzi ufike mpaka pansi kuti nsomba zoyenda pansi zisafunike kudumpha, ndipo pansipo pakhale miyala yomatidwa kuti pakhale pokhakhala. Pakadutsa timadziwe tingapo pakhale dziwe lokulirapo lopumulira.

Njira zambiri zimalephera pa khomo. Nsomba imatsata madzi othamanga mpaka itagunda khoma, kenako imafufuza pomwepo. Khomo likakhala mamita 20 kumunsi, imalidutsa osaliona. Liikeni patsinde penipeni pa khoma, pamene nsomba zimaunjikana. Cholakwika chachiwiri ndi kumanga njira yoyenda madzi chilimwe chokha, koma yomira kapena yothamanga mopitirira madzi akayamba kukwera, pamene nsomba zikuifuna. Musaiwalenso zotsika. Pakamwa pa ngalande yothirira ikanipo sefa wa mabowo ang'onoang'ono, wotambalala kuti madzi alowe mofatsa, apo ayi tiana tikathera m'minda. Ndipo komiti iletse kutchera mono pa njirayo, chifukwa palibe malo osavuta kumalizira nsomba za mazira kuposa pamenepo.

FUNSO: Madzi a dzinja amakhala bii ndi matope. Nsomba zimapeza bwanji chakudya?
Wowerenga wachidwi

YANKHO: Zambiri sizidalira maso. M'mbali mwa thupi muli mzere wa timabowo, kuchokera kumutu kufika kumchira, umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Mlamba uli ndi ndevu 8 zodzaza ndi timinofu tolawira, ndipo khungu lake nalo limalawa. Milamba, matemba ndi nchila zili ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ka m'mimba ndi khutu la m'kati, choncho zimamva phokoso kuposa nsomba zina zambiri.

Zodabwitsa kwambiri ndi za banja la mphuta, lopezeka mu Africa mokha. Kufupi ndi mchira zili ndi minofu yotulutsa timagetsi tofooka, ta mavolti ochepa, tomwe munthu sangatimve. Timagetsito timazungulira thupi, ndipo mwala, muzu kapena mphutsi yobisala m'matope ikatisokoneza, khungu limazindikira. Mtundu uliwonse uli ndi kagundidwe kake, moti zimadziwana usiku. Ntchito imeneyi imafuna ubongo waukulu: pa mtundu wa Gnathonemus petersii, ubongo umatenga pafupifupi magawo 60 pa 100 a okosijeni yense wa thupi, pamene mwa munthu ndi magawo 20. Musazisokoneze ndi Malapterurus, nsomba ya ndevu yonenepa imene magetsi ake ndi ophera nyama ndipo amafika mavolti 300.

FUNSO: M'chithaphwi chotsalira madzi ataphwa ndinagwira makumba aafupi ngati chala chapakati, koma ena anali ndi mazira m'kamwa. Kodi ndi mtundu wina, kapena amadya mazira awo?
Mnyamata wokonda kuwedza

YANKHO: Achimwene, ndi mtundu womwewo, ndipo sakudya mazira, akulera. Mwa nsomba za mtundu wa Oreochromis, yaimuna imakumba kadzenje kozungulira pansi, yaikazi imaikira mazira m'menemo n'kuwatola ndi kamwa. Imawasunga ndi kuwatembenuza pafupifupi masabata awiri osadya, ndipo tiana tikatuluka timathawirabe m'kamwa mwa mayi pakakhala zoopsa. Chilunguni sachita zimenezi: amamatiza mazira pansi, makolo onse awiri n'kumalondera.

Kufupikako n'kupinimbira. M'madzi ochepa, otentha, odzaza nsomba, makumba amasiya kukula n'kuyamba kuswana ali ndi masentimita 8 mpaka 10, pamene m'madzi aakulu akanadikira kufika kawiri pamenepo. Mphamvu yonse imapita ku mazira. Tiana tawo mukatiika m'malo otakasuka a chakudya chokwanira timakula bwinobwino. Alimi a nsomba amakumana ndi vuto lomweli m'maiwe, n'chifukwa chake ambiri amaweta zazimuna zokhazokha.

FUNSO: Kodi zaka za nsomba zimadziwika bwanji? Ndinawerenga kuti mamba ali ndi mizere ngati ya mtengo.
Mphunzitsi wa sayansi

YANKHO: Aphunzitsi, mizere ilipo, koma kumadera otentha iyenera kuwerengedwa mosamala. Kumayiko ozizira mzere umodzi ndi nyengo yozizira imodzi. Kumadera otentha mzere umapangika nthawi iliyonse imene nsomba yasiya kukula: madzi akaphwa, ikamaswana, kapena ikamasunga mazira m'kamwa. Nsomba imodzi ikhoza kupanga mizere iwiri pa chaka, ina osapanga woonekera.

Poyesa ndi ophunzira, yambani mwayeza utali ndi kulemera kwa nsomba, mulembe ndi tsiku. Zulani mamba 5 mpaka 10 m'mbali mwa thupi, kumbuyo kwa chipsepse cha pachifuwa. Aviikeni m'madzi a sopo pang'ono, atikiteni ndi zala kuchotsa zoterera, ndipo muwapane pakati pa magalasi awiri a maikulosikopu asanaume, chifukwa akauma okha amapindika. Mudzaona timizere tambirimbiri tozungulira. Timeneti si zaka. Chimene mukufuna ndi pamene timizereto tathithikana kapena taduka. Tayani mamba alionse amene pakati pake pali pofufutika: amenewo anamera m'malo mwa othothoka, ndipo mbiri ya ubwana wa nsombayo mulibe.

Mlamba ulibe mamba, choncho amadula kagawo kopyapyala, kosakwana milimita imodzi, patsinde pa munga wa pachifuwa. Vuto lake n'lakuti pakati pa mungawo pamakhala mphako imene imakula ndi msinkhu n'kufufuta mizere yoyambirira, ndiye milamba yokalamba imaoneka yocheperako zaka. Chodalirika kwambiri ndi timiyala ta m'khutu, toyera, topezeka pansi pa ubongo. Timakula moyo wonse osafufutika, ndipo mwa tiana timaonetsa mzere umodzi pa tsiku.

Kuti mutsimikize kuti mzere ndi wa chaka, tengani nsomba zingapo za mtundu umodzi mwezi uliwonse kwa miyezi 12, ndipo muziyeza mpata wochokera pa mzere womaliza kufika kumphepete kwa mamba. Mwezi umene mpatawo wachepetsetsa ndi umene mzere wapangika. Ukachepa kawiri pa chaka, gawani chiwerengero cha mizere ndi 2.